Kabokosi Pamutu pa Abwana

Mwana wa mchemwali wanga, amene timamutcha Kachala, kompyuta ndinamuphunzitsa ndine. Chabwino, ndanama, ine ngakhale pozimitsira sindipadziwa. Koma zotsalazi ndi zoona, pafupifupi.

Kachala amasamala webusaiti ya sitolo yamankhwala, pa kadesiki kopanikizika pakati pa firiji ndi makatoni a thonje. Masamba a webusaitiyo amatsika ngati masitepe: pamwamba mitu ikuluikulu, pansi pake timagulu. Kabokosi kalikonse kotsatsa malonda amakauza sitepe yoti kaziwonekera. Ka mafuta a zotupa zapokhalira anakatsekera pa sitepe yachitatu, kwa matenda onong'ona, kumene munthu amatsika atayang'ana kaye kumbuyo.

Mmawa wina abwana analamula kuti masamba onse alowe pansi pa mutu umodzi watsopano. Kachala anamvera. Tsamba lililonse linatsika sitepe imodzi, kabokosi kaja osasuntha. Ndiye tsamba la abwanawo, eni sitolo, lomwe linali pachiwiri, linagwera pachitatu.

Kachala analiona masana. Pachithunzi abwana ali mu suti, mano onse pamtunda, pamutu pawo zilembo zofiira: "Kodi kukhala pansi kumakuvutani?"

Abwana amenewa anachotsapo mlonda ntchito chifukwa choyasamula mokweza. Ndipo mawu awo anali atafika kale pakhomo.

"Lowani, apongozi, muone chithunzi changa cha pa intaneti."

Kachala anathamangira kusintha sitepe ya kabokosi kaja. Anaphonya batani. Anaphonyanso. Nsapato zinadutsa makatoni. Anafufuta chitatu, nalemba chinayi, nasunga. Kachizungulire ka pa sikirini kanazungulira mpaka ine ndinamera imvi kunyumba.

"Tsegula tsamba langa, iwe."

Linatseguka. Suti, mano, basi.

"Mwanenepa," anatero apongozi aja. "Nanga mtsikanayu akutuluka thukuta bwanji?"

"Ndi wakhama," abwana anayankha.

Kachala ntchito akadali nayo. Nkhaniyi ndinaikamba pa chinkhoswe china, Kachala ali pompo, ndikulumbira kuti ine mafuta otero sindinawaonepo, ngakhale sitepe yawo sindiidziwa.

Kachala anaika kapu pansi. "Malume, jekete lanu ndinachapa ndine. Kachubu kanu ka m'thumba kali pawindo. Muzitseka bwino, kamadontha."