Maenje a Ring'i Kuseri kwa Chigayo

Sukulu ndinasiyira giredi teni. Zifukwa ndi zanga. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuumba mabuloko pa yadi ina ku Silverest m'boma la Chongwe, omangira nyumba za anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Ndikaweruka ndinkapita kuseri kwa chigayo, kumene mkulu wina amene kale anali msilikali ankatiphunzitsa nkhonya. Tinkangowatchula kuti ba kochi.

Omenya nkhonya alipo mitundu iwiri basi. Pali wolowa: amabisa chibwano, amapita kutsogolo, amalandira ziwiri kuti abweze imodzi ya m'nthiti. Ameneyo ndine. Ndiye pali wovina: kukugogoda pamphuno ndi dzanja lamanzere, kuchoka, kubweranso kudzagogoda. Wovina wathu anali mnyamata wamtali wophunzira uphunzitsi ku Chalimbana. Ankabwera pa njinga, madzi ake m'botolo, moni kwa aliyense. Moniwo unkandinyansa.

Tsiku lina ba kochi anati ku Lusaka kukubwera mpikisano, ndipo pa gulu lathu la olemera mofanana atenga munthu mmodzi. Loweruka ine ndi wamtaliyo timenyane maraundi atatu, wopambana apite. Kumeneko kumabwera akuluakulu a makalabu, akakukonda amakutenga, malo ogona nkukupatsa. Iye kugonja kunali kubwerera ku mabuku ake. Ine kunali kubwerera ku simenti.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Mabuloko ankandisweka m'manja. Pa chigayo aliyense anasanduka katswiri. Mayi wogulitsa zitumbuwa anandiuza pamaso:

"Wamutali uja azakuchaya, iwe. Sumugwilako olo pang'ono."

"Amanithawa chifukwa kulibe zingwe, amai. Muzaona."

Sindinkanama. Ring'i yathu inali mzere wolembedwa ndi kamtengo pafumbi. Ndikamupanikiza pakona, iye ankangodumpha mzerewo, ba kochi nkunena kuti bwererani pakati. Wolowa amadya pa zingwe. Ukamutsekera wovina poti sangathawe, kuvina kumatha, kumatsala nthiti.

Lachisanu ndinatola mitengo inayi ya bulugamu yotsala pa nyumba ina, ndinakwera njinga mpaka ku Nkomeshya kukabwereka zingwe za ngolo kwa amalume. Loweruka kutangocha ndinali kuseri kwa chigayo ndi piki. Inali nyengo yotentha mvula isanagwe, nthaka ili gwa. Ndinakumba maenje anayi, ndinazika mitengo, ndinamanga zingwe. Ndipo ndinaichepetsa dala: masitepe asanu mbali iliyonse.

Ba kochi anafika masana. Anayenda kuchokera pa mtengo wina kufika pa unzake, akuwerenga.

"Iyi ni ring'i olo ni khola ya mbuzi?"

"Zingwe zinachepa, ba kochi."

Analoza chingwe chotsala chimene ndinakulunga pa mtengo. Anthu anaseka.

"Zula. Masitepe seveni. Ku Lusaka sibazakupimila iwe."

Mtengo umodzi unatsala pomwepo. Itatu inafunika maenje atsopano, dzuwa lili paliwombo. Wamtali uja anali atangofika. Anaimika njinga, anavula malaya.

"Nipaseko piki, boyi, tithandizane."

"Ba ticha, sungani manja yolembela pa bolodi."

Anandiyang'ana, anakweza mapewa, anakakhala pamthunzi nkumamwa madzi ake. Ndinakumba ndekha. Pofika dzenje lachitatu matuza anali ataphulika, mpini ukuterera. Palibe amene anandikakamiza. Ndikanamupatsa pikiyo bwenzi titatopa tonse awiri, ndipo zimenezi ndinaziganiza ndili kale m'magulovu.

Raundi yoyamba inayenda monga ndinalosera. Anabwerera m'mbuyo monga mwa chizolowezi chake, msana unagunda chingwe, ndinaona maso ake akudabwa. Ndinamulowetsa ziwiri m'nthiti, anabuula. Mayi wa zitumbuwa anakuwa kuti mupheni, ngati si iye ankandinyoza.

Raundi yachiwiri mapewa anayamba kulemera. Iye anali ataphunzira kale: osabwerera molunjika, kuzungulira. Mphuno, mphuno, mphumi. Sizinkapweteka, koma ba kochi ankawerenga iliyonse. Ine ndinkangomutsatira, kukamwa kuli yasa.

Raundi yachitatu ndinamupeza pakona. Analibe kothawira. Nthiti zinali poyera, ndinkaziona bwinobwino. Ndinauza dzanja lamanja kuti pita, dzanjalo linanyamuka mochedwa ngati la munthu wina. Anapendeka, anandigogoda katatu, anatulukira kunsi kwa mkono wanga. Ba kochi anamenya chitsulo chothetsera raundi.

Anakweza dzanja la wamtali. Sindinatsutse. Mpaka lero ndimati pa ring'i yomweyo, ndili ndi manja opuma, ndikanamugwetsa raundi yachiwiri. Koma zimenezo aliyense wogonja amanena.

Ndikuvula magulovu, nsalu itamatirira pa matuza, ba kochi anabwera.

"Ku Lusaka azakumana na bolowa monga iwe. Mande ubwele, uzimupilikisa mpaka tsiku yoyenda."

"Nimukonzele ulendo wanga?"

"Ukana?"

Ndinawauza kuti sindibwera, afune galu wina womuthamangitsa. Lamlungu lonse ndinkazungulira pa nyumba, kukhala, kudzuka, kukangana ndi mlongo wanga pa zopanda pake. Lolemba nditaweruka ndinamanga zala ndi nsanza, ndinapita. Kulibe kwina ku Chongwe kumene angandilole kumenya munthu wa ku koleji m'nthiti kwa milungu iwiri.