Kadontho Kobiriwira ndi Jeneza la Aneba

Ntchito yanga inali pa kadontho. Musaseke, ndikunena zoona. Kadontho kakang'ono ngati kambewu ka mpiru, pambali pa chithunzi changa mu pulogalamu imene tinkagwirira ntchito. Kakakhala kobiriwira, abwana ankadziwa kuti ndilipo. Kakatuwa, basi ndine mlesi, kaya magetsi azima, kaya netiweki yathawa, kaya mwana wagwera m'ngalande.

Tinali gulu lomwazikana m'mayiko osiyanasiyana, ntchito yathu kuyankha madandaulo a makasitomala a kampani ina ya kunja. Ine ndinkagwirira pabalaza, m'nyumba ya lendi ku Kawale. Abwana anali mayi wa kutsidya kwa nyanja amene sindinawaonepo miyendo, ndinkangowadziwa kuyambira m'mapewa kukwera. Anatipatsa pulogalamu yocheza, ina yoonerana nkhope pamisonkhano, ndi ina yakazitape, yoyang'ana ngati mausi ikugwedezeka. Ankati zimenezi zimatithandiza kugwira ntchito ngati tili mu ofesi imodzi. Ofesi imodzi yake iti? Anzanga kumbuyo kwawo kunkaoneka mashelefu a mabuku, ine ndikutseka maiki kuti asamve tambala wa alandilodi.

Koma ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa ana anga awiri. Ndinaipeza nditayenda mu Lilongwe muno ndi mapepala m'khwapa mpaka nsapato kutha zidendene, ndipo ndinkaopa kubwererako kuposa mmene ndimaopera matenda.

Amene ankandisungira ntchitoyo, kunena chilungamo, anali aneba a tsidya la msewu, telala wachisilamu wochokera ku Mangochi. Mbali yawo inali pa laini ina ya magetsi. Kwathu akazima, kwawo nthawi zambiri ankayaka. Ndinkanyamula laputopu n'kudumpha msewu, iwo n'kuzula ayironi pasoketi osayembekeza kuti ndipemphe.

"Mtumbuka wa kompyuta wafika," ankatero. "Khalani, achimwene, azungu anu asalire."

Tsiku lina ndinaika mausi pa thebulo la makina awo osokera, makina opalasa ndi mapazi aja. Atayamba kupalasa, ndinaona kamuvi kakuvina pa sikilini. Ndinakuwa ngati ndatola ndalama. Kuyambira pamenepo ndikafuna kupita kuchimbudzi kapena kukatenga ana kusukulu, mausi ndinkaisiya pamakina, aneba akusoka, kadontho kali biriwiri. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti nanenso ndalembedwa ntchito kunja? Muwauze malipiro anga asachedwe!"

Komabe sizinali zokwanira. Pali masiku amene magetsi ankazima mbali zonse ziwiri. Ndiye panali maliro. Chaka chimenecho ndinapita ku Rumphi kukaika amalume, kenaka mlamu wanga, kenaka mkulu wa mpingo wathu. M'pulogalamu muja munali tizithunzi tosonyeza kumene munthu ali: ka msonkhano, ka chakudya, ka mtengo wa kanjedza kotanthauza tchuthi. Ka maliro munalibe. Nditapempha chilolezo chopita kumaliro omalizawo, abwana ananena mwaulemu ndithu kuti ndikuoneka kuti ndili ndi maliro ambiri. Ndinapsa mtima, koma ndinamwetulira, poti kamera inali yoyatsa. Kodi maliro amachita kuitanitsa ngati katundu?

Kenaka anandiuza mosabisa. Panali msonkhano waukulu ukubwera, aliyense aonetse ntchito yake, kamera yoyatsa. Ndikapanda kupezekapo, zathera pompo. Ndinagula bandulo, ndinatchaja chilichonse chotchajika, ndinasita malaya. Ndinauzanso aneba kuti tsiku limenelo ayironi aiwale.

M'mawa wa tsikulo tinadzutsidwa ndi kulira kwa azimayi tsidya la msewu. Mkazi wanga anathamangako, n'kubwera chitenje chili kukamwa. Aneba atelala aja anagwa pochokera kumapemphero a m'bandakucha, ndipo sanafike nawo n'kuchipatala komwe.

Ndinakhala pansi. Ndinalira, inde. Koma pansi pa kulirako mutu unali kuwerengera zake: abale achoke ku Mangochi, afike, agone, maliro ndi a mawa kapena mkuja. Ndinkaganiza ngati wa kwathu, kumene timadikira mpaka wa ku Joni afike.

"Ndipita kukakhuza, ndibwere ndichite msonkhano, mawa ndikhala nawo tsiku lonse," ndinatero.

"Mawa lake liti, bambo a ana? Asilamu sagoneka maliro. Akuika lero lomwe, akatha mapemphero a masana."

Masana omwewo ndi amene anali a msonkhano.

Ndinalembera abwana uthenga. Kwawo kunali kusanache. Chimene chinandiyankha ndi makina, akuti mayiwo sali pa ntchito pakali pano, adzaona akafika. Ndinalembera mnzanga wina wa m'gulu, ndikumuchonderera kuti andilankhulire. Anatumiza kachithunzi ka manja opemphera. Basi. Ndinalembanso m'gulu lonse kuti mnansi wanga wamwalira, pansi pake panangomera tinkhope tachisoni, koma msonkhano unali pomwepo pakalendala, osasuntha.

Ndinazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Maganizo ena amene anandibwerera ndi oti munthu sunganene pagulu. Ndinaganiza zoika mausi pamakina paja, koma apalasa ndani, mwini makina ali m'nsalu yoyera? Komanso lero sankafuna kadontho kokha, ankafuna nkhope. Ndinaganiza zotseka makatani n'kukhala chete ngati mulibe munthu. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kunyamula ndowa yake kupita kusiwa.

Ndinapangana ndi mtima wanga motere: ndivala malaya ositawo, foni m'thumba, tomvera m'makutu tili pafupi. Ndikaima kunja kwa mzikiti kuti anthu andione. Maliro akamanyamuka, ine ndizemba, ndikwere kabaza, ndikalowe msonkhano ngakhale mochedwa pang'ono. Ine ndi mtima wangawo tinagwirizana kuti nzeru ndi imeneyi.

Mapemphero atatha, jeneza linatuluka, chonyamulira maliro chija, chofunditsidwa nsalu yobiriwira. Ndinali ndisanaonepo pafupi mmene amachitira. Sayenda mwachidodo ngati ife ndi nyimbo zathu. Amafulumira, amuna atandanda mbali zonse ziwiri, jeneza likuyenda pamapewa. Uyu anyamule pang'ono, asiyire mnzake, athamangire kutsogolo kukadikiranso. Palibe amene amatopa nalo yekha, ndipo palibe amene amangoonerera.

Ndinali nditatembenuka kale, maso ali pa akabaza. Dzanja linandigwira pamkono. Anali mng'ono wawo wa malemu, wogulitsa nsomba zouma mumsika, amene ankandipeza kawirikawiri m'shopu muja.

"Aneba, malo anu ndi awa."

Ndinalowetsa phewa. Nthawi yomweyo foni inayamba kunjenjemera pantchafu. Ndinkadziwa kulira kwake, inali pulogalamu ya msonkhano ikundiitana. Manja onse awiri anali pamtengo wa jeneza. Ndinamva kulemera kwa munthu amene ankandizulira ayironi pasoketi, wopepuka modabwitsa, ndipo ndinamva lendi, ndi yunifolomu za ana, ndi nsapato zakutha zija, zonse paphewa limodzi. Mumtima ndinkakuwa kuti Mulungu wanga, nditani ine?

Wina anabwera kudzandilandira. Ndinamasuka. Akabaza anali pomwepo, mmodzi anachita kundikodola. Foni inasiya, n'kuyambanso. Ndinaitulutsa, ndinaona dzina la abwana likuphethira, chala changa chili pamwamba pake. Ndikayankha ndinena chiyani, pakati pa anthu akutchula dzina la Mulungu? Ndionetse nkhope yotani?

Miyendo inathamanga yokha. Ndinapezeka ndili kutsogolo kwa mzere, phewa nditatchera, ndikudikira kuti aneba andipezenso. Ndinanyamula kachiwiri, kachitatu, sindikudziwa kangati. Sikuti mantha anatha, ayi. Ndinkalira ndi mantha enieni, anthu n'kumaganiza kuti ndi chisoni chokha. Tikufika kumanda foni inali itakhala chete. Ndinaponya dothi langa ndi manja, ngati ena onse.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, malaya ositawo ali fumbi lokhalokha. Magetsi anali akuyaka. Tsiku lonse, akuti, sanaphethire n'kamodzi komwe. Ndinatsegula laputopu kuti ndipepese, mawu nditawakonza kale m'njira monse. Pulogalamu yocheza inandifunsa mawu achinsinsi. Ndinalemba, inakana. Ndinalembanso pang'onopang'ono. Inandiuza kuti sindilinso m'gulu limeneli. Ya misonkhano chimodzimodzi. Panalibe munthu woti ndimugwadire, panalibe chitseko choti ndigogode, ngakhale mlonda wapageti woti ndimuchonderere.

Mkazi wanga analowa akununkha utsi wa kusiwa, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Akuti bwanji abwana?"

"Sananene kanthu."

Ana anali pakhomo akundiyang'ana. Ine dzanja linali pa mausi, ndikuigwedeza uku ndi uku monga ndinazolowera, maso ali pamene pankakhala kadontho. Mkazi wanga anaika dzanja lake pamwamba pa langa.

"Siyani, bambo a ana. Palibe akukuonani."