Chilolezo cha Agogo ndi Njinga Zopanda Mabuleki

Wickson ndi mwana wa malemu Macfussy, mwana wanga wachiwiri, ndi Maness wa kwa Dzoole. Iye ndi mkazi wake Eveless ali ndi ana awiri, Watipaso ndi Fanny. Ndayamba ndi maina kuti mudziwe kuti munthuyu sanachite kutoledwa panjira. Ali ndi eni ake, ndipo mwini wamkulu ndine.

Asanapite ku Doha, m'dziko la Qatar, ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Mponela. Mu 2018 anagunda ngolo yosiyidwa m'mbali mwa msewu, mwendo wamanzere n'kuthyoka pawiri. Ine ndinagona pansi pa bedi lake kuchipatala masabata asanu. Atapeza ntchito yaulonda kunjako, ndinamugwiritsa Baibulo langa.

"Lumbira kuti sudzakweranso chinthu cha matayala awiri."

Analumbira.

Ku Doha anamuika pageti la nyumba za anthu olemera ku Al Messila, pamodzi ndi Stanislaus wa ku Chipata. Kuimirira maola khumi ndi awiri, mwendo uja unkatupa mpaka nsapato kukana kuvuka. Covid itatsekera anthu m'nyumba, injiniya wina wa ku Poland wokhala m'mpandamo ankasowa wocheza naye. Ankabwera pageti atavala masiki, n'kumawaonetsa pafoni masewero akwawo otchedwa speedway: njinga zamoto zinayi kuthamangitsana pabwalo ladothi, kuzungulira kanayi basi. Wickson wanga mtima unauluka.

Kenaka dzikolo linasintha malamulo, wantchito n'kutha kusintha ntchito popanda kalata yachilolezo ya bwana, imene iwo amati NOC. Makampani operekera chakudya m'makomo ankafuna anthu odziwa njinga. Foni inalira.

"Agogo, NOC ya bwana khalas, yatha. Yatsala NOC yanu."

"Yangayo sinalembedwe ku Qatar. Imirira pagetipo."

Chaka chathunthu ndinakana, mwendo ukutupa. Akanatha kundinamiza, ndikanadziwa bwanji ndili ku Dowa? Sananame. Ameneyo ndiye mdzukulu wanga.

Mu Okutobala 2021 kunali mpikisano wa maiko wa speedway, dziko lililonse likumatulutsa anthu awiri nthawi imodzi. Wickson anaganiza zondinyengerera, natumiza vidiyo pafoni ya Eveless. Ndinaona anthu akukhota chopendekeka, phazi likukwekwereza pansi, dothi lili kobo. Ndinamuimbira.

"Iwe, bwanji sakuchepetsa liwiro pakona?"

"Njinga zake zilibe mabuleki, agogo."

"Zilibe chiyani? Ndiye wanditumizira kuti mtima wanga ukhale m'malo? Kutentha kwa kumeneko kwakuphika ubongo?"

Ndinadula foni, masiku atatu osamulankhula.

Koma Eveless ndi wochenjera. Akamapita kudimba ankaiwala dala foni pamkeka, ine n'kumaoneranso. Ulendo wachisanu ndinaona chinthu. Munthu amene anali patsogolo anacheuka, nacheukanso, nasiya mpata m'kati mwa kona mpaka mnzake wovala zofanana naye atalowapo. Pa liwiro lotero, wopanda mabuleki, munthu n'kumayang'ana kumbuyo!

Ndinaimba ndekha. "Uyu akucheuka wataya chiyani?"

"Akufuna mnzake, agogo. Chaka chino woyamba amapeza mapointi anayi, wachiwiri atatu, wachitatu awiri, womaliza palibe. Ukapambana wekha mnzako n'kutsalira kumapeto, muli ndi anayi. Anzanu apakatiwo ali ndi asanu. Mwaluza."

Ndinalekeza Sitandade 6, koma masamu amenewo ndinawamva. Tsiku la ngozi lija Wickson anathawa anzake pasiteji pothamangira kasitomala, nagona mungalande ola lathunthu popanda womuona. Ine ndinkada njinga, chonsecho chimene chinatsala pang'ono kumupha chinali kukhala yekha.

"Mpatse foni wa ku Chipatayo," ndinatero.

"Muli bwanji, ambuya?"

"Bambo, njinga mumaitha?"

"Kuposa mdzukulu wanuyu. Uyu ngakhale poyenda pansi amathamanga ngati waba nkhuku."

"Wabodza uyu, agogo!" anakuwa Wickson chapatali. "Pa Chipata ankapalasa yakapalasa!"

"Khalani chete nonse. Chilolezo changa ndi cha anthu awiri. Mukalowe kampani imodzi, dera limodzi. Wina akachedwa, mnzake amusake. Mmodzi akakanidwa, nonse mubwerere pageti."

Wickson anakhoza layisensi ya kumeneko ulendo woyamba. Stanislaus analephera. Malo analipo, kampani ikuti yalla, fulumira, koma Wickson anaimirirabe pageti miyezi ina iwiri ndi mwendo wake wotupa, akumuphunzitsa mnzakeyo madzulo akaweruka. Ulendo wachiwiri Stanislaus anakhoza. Lero onse akunyamula chakudya m'dera la Al Nasr, njinga zake zili ndi mabuleki, ndinachita kuonetsedwa pavidiyo. Mwendo unaphwa, ndipo nsapato ikuvuka yokha.

Koma nkhani sinathe. Lumbiro logwira Baibulo silimasulidwa pafoni. Baibulolo lili m'sutikesi, likudikira dzanja la Wickson. Nayenso akuti akadzamasulidwa, ine ndidzakwere kumbuyo kwake kuchoka pa Mponela mpaka kwa Dzoole, pakuti chiyambire sindinakwerepo. Ndinavomera Eveless akumva, ndiye pothawira palibe. Chitenje chodzamanga m'chiuno tsikulo ndasankha kale.