Thobwa Limene Ndinaphikira Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anabwerera kwathu ku Mlolo kuchokera kumigodi. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, njinga, ndi chizolowezi chomwa tiyi wotsekemera ngati uchi. Mano awo anali atabooka. Asisitere a kumishoni anawazula awiri, nawauza kuti asiye shuga ngati akufuna kusunga otsalawo. Ndiponso shugayo anali wodula kusitolo.

M'mawa uliwonse ankakankhira kumbali kapu ya tiyi wopanda shuga. "Awa ndi madzi otsukira mbale. Mvula isanagwe ndibwerera kumigodi," ankatero.

Mawuwo ankandipweteka. Ndinakula osawadziwa bwino bambo, ndipo manyazi ankandiletsa ngakhale kuwayang'ana kumaso. Mumtima ndinaganiza kuti ndikawapezera chakumwa chowakomera, sapita.

Ndinayamba ndi madzi a malambe, koma anangokwinya nkhope. Nditawapatsa madzi a bwemba, anati, "Mwanawe, ukufuna kumaliza ndi mano otsalawa?"

Kunatsala thobwa. Amayi anali m'chikuta ndi khanda, choncho ndinaphika ndekha. Pofulumira, ndinathira chimera cha mawere phala lili kubwata pamoto. M'mawa mwake ndinapeza phala chabe, lolimba, losatsekemera.

Amayi aakulu, a Nabanda, anandipeza ndikulira kuseri kwa nkhokwe. Analawa, naseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe Agnesi, kusukulu kwanuko amakuphunzitsani liwiro lokha? Chimera wachipha ndi moto."

Anandiphikitsanso. Titaphula mphika tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akusenda mtedza, ine mtima uli m'mwamba. Patapita nthawi anati, "Pisa chala. Chikapirira kutenthako, thira chimera."

Ndinathira, ndikuvundula. Phala lija linasungunuka ndikuona, fungo la mawere likukwera. Linagona usiku, m'mawa tinaliwiritsanso n'kuliziziritsa mumtsuko.

Ndinagwada popereka chipanda cha thobwa. Bambo anamwa pang'ono, naima.

"Shugayu mwamupeza kuti?"

"Mulibe shuga, bambo. N'chimera chokha."

Anamwanso mpaka chipanda chinaphimba nkhope yawo. Sanandiyamike. Anangopukuta ndevu, natembenukira kukhomo kumene kunali amayi.

"Amake Agnesi, chaka chino tilime mawere ambiri kumunda wakumtunda uja."

Ndinathawira kukhitchini kuti asaone misozi yanga, pakuti munthu wa paulendo sakamba za munda.

Lero ndikudziwa kuti mwina si thobwa lokha linawasunga. Panali khanda lija, ndiponso msana wawo unali utatopa ndi migodi. Koma adzukulu anga akabwera ndi mabotolo awo ofiira a zakumwa za kusitolo, ndimawaphikira thobwa, ndipo akafunsa chimene ndikudikira pamphika, ndimawauza kuti kutsekemera kuli m'mbewu kale. Kumangofuna munthu wodziwa kudikira kuti phala lizizire pang'ono.