Dzina la M'mbali mwa Mizere

Ofesi yathu inali pamwamba pa sitolo ya nsapato pakati pa tauni, pomwe mawu a makondakitala oitanira anthu a ku Chelstone ankalowa ngakhale mazenera atatsekedwa. Tinalimo anthu asanu, ndipo tinkapanga mapulogalamu a makompyuta a m'mafamasi. Ine ndinali womaliza kulembedwa ntchito. Popeza sindinkalankhula kwambiri, anandiika pa desiki yoyang'anizana ndi ya bambo wina wachikulire amene nayenso sankakonda zolankhula. Tonse tinkawatchula kuti ba mudala.

Ba mudala anaphunzira makompyuta pa fakitale ya boma ku Heavy Industrial Area, ndipo fakitaleyo itagulitsidwa anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo. Pa ofesi pathu anapanga chinthu chomwe tonse tinkadalira, laibulale yoyesera mapulogalamu. Ndi mtolo wa tizida tomwe umatituma kuti tifufuze pulogalamu yako isanapite kwa kasitomala, tione ngati ikukana mankhwala otha nthawi, ngati sikusokoneza mayina a odwala. Anaiika pa intaneti kuti aliyense atenge ulere. Analembanso buku la malangizo ake m'Chingerezi, pang'onopang'ono nthawi ya nkhomaliro, akudya chikanda ndi dzanja lamanzere kuti lamanja lisadetse kiyibodi.

Anadwala m'nyengo yozizira. Milungu itatu mpando wawo unali wopanda munthu, ndipo mlungu wachinayi tinakawaika m'manda.

Patapita mwezi abwana anandiitana. Anati anthu akunja ayamba kugwiritsa ntchito laibulale ija koma akudandaula kuti bukulo silikuwerengeka bwino pa intaneti. Mawu ake analibe vuto. Chinavuta ndi kaonekedwe. Pena ba mudala ankatsegula bokosi la chitsanzo n'kuiwala kulitseka, ndiye tsamba lonse lotsala linkamezedwa m'bokosi lotuwalo. Pena mndandanda unkawerenga wani, thuu, kenako n'kuyambanso wani. Matebulo ena mizere yake inkapendekeka ngati mpanda wa udzu mvula itatha. Abwana anati ine ndi amene ndili ndi maso a zinthu zazing'ono, ndikonze.

Masiku awiri ndinakonza ndi manja. Tsiku lachitatu mnzanga wina wa pa ofesipo, wochokera ku Copperbelt, anandionetsa kachida komwe kamayeretsa mafayilo onse kamodzi. Ndinakayendetsa, masamba ambiri n'kuongoka. Ndinatumiza ntchitoyo kumalo komwe tonse tinkasungira, ndili wokondwa.

Malo osungirawo amakumbuka amene anakhudza mzere uliwonse komaliza. Ukatsegula mbali ya kumanzere, pa mzere uliwonse pamaoneka dzina la munthu ndi nthawi yomwe yapita chiukhudzireni. Pa ofesi pathu chinthu chikavuta tinkatsegula mbali imeneyo, n'kuona dzina, n'kupita kukamufunsa mwini wake. Ba mudala ndiwo anatizoloweza zimenezi.

Masana a tsikulo ndinatsegula mbaliyo pa tsamba loyamba la buku. Dzina langa linali pa mzere woyamba, pa wachiwiri, mpaka pansi. Ndinatsegula tsamba lina, chimodzimodzi. Ba mudala ankalemba pa kompyuta yawo yakale yomwe inkaika kachizindikiro kosaoneka kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo kachida kaja kanachotsa tizizindikiro tonseto. Motero makina anaona ngati ndalembanso mzere uliwonse. M'buku lonse, lomwe munthu analemba zaka zambiri, dzina lawo silinatsale ngakhale pamodzi.

Mnzanga uja anasuzumira pa sikirini yanga n'kuseka, akundipatsa moni wa kwawo.

"Shani, ba wolemba mabuku? Buku yonse mwasiliza ise tikali kumwa tiyi."

Sindinaseke. Ndinapita kwa abwana, ndipo iwo anati palibe chomwe chatayika, mbiri yonse ilipo pansi, wofuna kuona zakale akhoza kukumba n'kuzipeza. Ankanena zoona. Koma mawu otero ndinali nditawamvapo kale.

Bambo anga anamwalira ndili wakhanda, mayi anga ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinkakhala ku Kaunda Square. Maliro a mayi atangotha, abale a bambo anabwera ndi galimoto yobwereka. Ndinakhala pa sitepe ndikuona mipando, makina osokera ndi sutikesi ya zovala zikutuluka. Azakhali ena anandisisita mutu n'kunena kuti ndisalire, zinthu sizinatayike, zangopita kukasungidwa kwa achibale. Patapita miyezi ndinaona diresi ya mayi yamaluwa achikasu ikuyenda patsogolo panga potuluka m'tchalitchi. Ndinaitsatira mpaka pageti ndisanaone kuti nkhope ndi ya munthu wina. Amene ananditenga ndi ambuya, amayi a mayi anga, ndipo anandilera m'kanyumba kawo ku Kabwata. Ankagwira ntchito yosita zovala m'nyumba za ku Kabulonga, ndipo za tsiku la galimoto lija sanazitchulepo.

Loweruka m'mawa ndinawauza ambuya zomwe ndinachita ku ntchito, iwo akusita yunifolomu yawo ya chigwirizano cha amayi. Za makompyuta sankazidziwa, choncho ndinangoti ndakonza zolemba za malemu ndipo dzina lawo lachoka, palowa langa. Anaimika simbi.

"Akazi awo anakuuza kuti ugwire?"

"Anandituma ndi abwana, ambuya."

"Abwanawo ndi achibale?"

Anatembenuza bulauzi n'kupitiriza kusita.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera minibasi ya ku Chelstone, laputopu ili m'chikwama. Akazi a ba mudala anali mayi wochokera ku Luapula, ndipo anali akadavala zakuda. Anandikumbukira kuti ndine mtsikana uja amene anaima kumbuyo pa maliro osaimba. Pabalaza mipando inali isanabwerere m'malo mwake chichokereni anthu a pamaliro. Ndinawafotokozera movutikira, kenako ndinaona kuti kuli bwino ndingowaonetsa. Ndinatsegula buku monga linalili ndisanaligwire, dzina la amuna awo likutsika m'mbali mwa sikirini mzere ndi mzere.

Anapita kukatenga magalasi. Anandiuza kuti nditsitse pang'onopang'ono. Chingerezi cha m'bukumo sanachiyang'ane, ankangotsatira dzinalo ndi chala, osakhudza galasi. Anati pa zaka zonse za ukwati wawo bamboyo sanawalemberepo kalata ngakhale imodzi, ndipo iwo ankaganiza kuti ndi munthu wodana ndi kulemba. Tinatsitsa masamba ambiri. Kenako ndinawaonetsa momwe zinalili tsopano. Anayang'ana dzina langa nthawi yaitali, n'kuvula magalasi.

"Konzani chabe pamene panaonongeka, mwana wanga. Kwinako musiyeni."

Lolemba ndinapeza kuti kubweza sikophweka. Ndikanangobwezeretsa mizere yakale, makina akanalembabe kuti womaliza kuikhudza ndine. Njira inali imodzi yokha, kufufutiratu zomwe ndinatumiza zija m'mbiri ngati sizinachitike. Koma pa ofesi pathu panali lamulo loti mbiri sifufutidwa, munthu akalakwitsa cholakwacho chizikhala poonekera ndipo kukonza kubwere pamwamba pake. Amene anaika lamulolo ndi ba mudala omwewo. Tsiku lina anakalipira mnzanga uja mpaka kumutulutsa thukuta chifukwa chobisa cholakwa chake mwa njira imeneyi.

Ndinaima pakhomo pa abwana ndi kupempha chilolezo. Anandifunsa ngati ndikudziwa zomwe mwini wake akananena. Ndinati ndikudziwa. Anandifunsa ngati alipo wakunja amene watenga kale zomwe ndinatumiza, ndipo titayang'ana tinapeza kuti palibe. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja, n'kunena kuti ndichite msanga asanasinthe maganizo, ndipo ndisadzapemphenso. Ndinafufuta. Nditatsegulanso tsamba loyamba, dzina la ba mudala linali litabwerera kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinamva ngati wina wakoka mpando kutsogolo kwanga n'kukhala pansi, ndipo sindinadzutse mutu kuti ndione.

Ndinayambanso ndi manja, ndipo zinanditengera milungu. Ndinaphunzira kukonza mokhudza mizere yochepa. Bokosi losatsekedwa ndinkalitseka poonjezera kamzere kanga pansi, wawo osaugwira. Mutu womatirira ku ndime ndinkaulekanitsa ndi mzere wopanda kanthu. Dzina langa linkaoneka apa ndi apo pakati pa lawo, pa mizere yomwe ilibe mawu. Pomwe panalibe kuchitira mwina ndinkakhudza mzere wawo, ndipo ndisanatero ndinkauwerenga kawiri.

Linatsala tebulo limodzi, pa tsamba lofotokoza mauthenga omwe laibulale imatulutsa mayeso akalephera. Mizere yake yonse khumi ndi inayi inali yopendekeka, ndipo kuti iongoke inafunika kugwiridwa yonse. Linali tsamba lomaliza lomwe ba mudala analemba, milungu yochepa asanadwale. Ndinalisiya. Ndinauza abwana kuti ntchito yatha, ndipo iwo sanafike patsamba limenelo.

Zaka zinapita. Ofesi inasamukira ku Woodlands, anthu ena anachoka, ena anabwera amene ba mudala sanawaonepo. Ambuya anamwalira. Laibulale inatsala m'manja mwanga, ndipo aliyense wofuna kusinthamo kanthu ankayenera kudikira kuti ine ndivomereze. M'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ndinkatsegula tebulo lopendekeka lija. Pafupi ndi dzina la ba mudala makina ankalemba kuti chaka chimodzi chapitacho, kenako zaka ziwiri, kenako zitatu. Ankawerenga okha popanda wowauza. M'masamba ena dzinalo linkachepa pang'onopang'ono, chifukwa laibulale inkakula ndipo malangizo akale ankayenera kusinthidwa. Patsamba limenelo lokha ndi pomwe linali lathunthu.

Tsiku lina panabwera uthenga wochokera kwa munthu wa kudziko lakutali, amene dzina lake sindikanatha kulitchula. Analemba mwaulemu kuti laibulale imamuthandiza kwambiri, koma tebulo lina linamusokoneza mpaka anataya tsiku lonse akufufuza cholakwa pamalo polakwika, popeza uthenga wa mzere wina unkaoneka ngati wa mzere wapansi pake. Anali ataliongola kale. Chinangotsala n'chakuti ine ndidine batani lovomereza.

Ndinalisiya milungu iwiri. Ndinafunsa za mayi a ku Chelstone aja, ndipo anandiuza kuti anabwerera kwawo ku Luapula kalekale, m'nyumbamo muli anthu ena. Munthu uja analembanso, kufunsa ngati pali chomwe walakwitsa. Panalibe. Tebulolo linalembedwa kuti anthu aziliwerenga, ndipo kwa zaka zonsezo ndinalola kuti lizisocheretsa anthu amene sindidzawaona, chifukwa cha dzina lomwe ndinkaliyang'ana ndine ndekha.

Ndinavomereza Lachiwiri m'mawa, anzanga akukangana za mpira kuseri kwanga. Tebulo linaongoka, ndipo linkawerengeka bwino kwambiri. M'bokosi loyankhira ndinalemba kuti zikomo, n'kuonjezera kuti amene analemba tebuloli anamwalira, anali bambo wachete amene anatiphunzitsa ntchito. Ndinawerenga chiganizocho kangapo. Kenako ndinachifufuta, n'kutumiza zikomo yekha.