Dothi lomwe ndinakabweza ku Embangweni

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. Amayi anga ankati tsiku lobadwa sindinalire koma ndinakalipa. Ndiye pamene ndinapeza zikhomo zanga zonse za kafukufuku zitazulidwa m'minda ya anthu kufupi ndi Embangweni, musaganize kuti ndinayamba ndi pemphero.

Nthawi imeneyo ndinali mtsikana wa ku Dedza, ndikuchita digiri yachiwiri pa koleji ya zaulimi. Kafukufuku wanga anali wa nthaka yoguga, ija chimanga chimamasula chili m'chiuno, masamba ali achikasu. Tinkafuna kuona ngati mtedza ndi nandolo zingabwezeretse chonde kwa mlimi amene feteleza sangamukwanitse. Aphunzitsi anga, omwe tonse tinkangowatchula kuti adokotala, anandiuziratu kuti pakufunika zokolola za zaka zitatu zotsatizana pamalo amodzimodzi. Chaka chimodzi chikangodumphidwa, zonse zalowa m'madzi, digiri palibe. Ndalama za ntchitoyi zinkachokera kwa azungu akunja, ndipo ndi zomwe zinagula galimoto, sikelo, ndi chitsulo chopota chobowolera pansi.

M'mudzimo tinalowa momwe aliyense ankalowera masiku a chipani chimodzi. Tinatenga kalata ya chidindo ku boma ku Mzimba n'kukaipereka kwa tcheyamani wa chipani. Iye anaitanitsa msonkhano, ayufi ataima m'mbali ndi malaya awo ofiira. Ndinafotokoza m'Chichewa changa cha ku Dedza, wina akumasulira m'Chitumbuka. Nditafunsa ngati alipo wokana, sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Anangoomba m'manja mothokoza, yewo chomene, yewo chomene. Ndinakwera galimoto ndikuyamikira kuti anthu akuno ndi omvetsa zinthu msanga. Kupusa kwangako! Ndani akanakana pamaso pa malaya ofiira?

M'mawa mwake ndinayenda m'minda nditamanga chitenje, majombo kuphazi. Ndinkabowola pansi, kutapa dothi, kulithira m'timatumba tolemba manambala. Kenaka ndinkakhoma zikhomo m'ngodya za malo oyeserera, n'kulemba dzina la mwini munda m'buku langa. Eni minda ankaima patali manja kumbuyo, akumwetulira.

Nditabwerera patatha milungu iwiri, zikhomo zinali zitazulidwa m'munda uliwonse. Aliyense amene ndinamufunsa anati ndi ng'ombe. Ng'ombe ku Mzimba ziliko zambiri ndithu, koma ine sindinaonepo ng'ombe yozula zikhomo, kuzimanga mtolo ndi luzi, n'kuziimika bwinobwino patsinde pa mtengo.

Munda womaliza unali wa amama ena ogulitsa matimati pa Jenda. Anali aatali, a zaka ngati makumi anayi, amuna awo ali ku Joni zaka zambirimbiri. Chichewa anachiphunzirira pamsika, choncho chinali chakuthwa ngati changa. Ndinawapeza pakhonde akusankha matimati. Ndinakalipa mpaka mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero anatuluka: ndinati ndikawanenera kwa atcheyamani. Anthu awiri amene ankacheza pabwalopo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zochita kwawo. Amama aja sanasunthe, sanasiyenso kusankha matimati.

"Kaneneni, mwana wane," anatero. "Koma muyambe mwandiuza. Dothi langa mwapita nalo kuti?"

Ndinati lili ku labotale. Anandifunsa ngati ku labotaleko amalimako chimanga. Ndisanayankhe, anandimasulira zonse ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Munthu wotapa dothi m'munda mwa mnzake osamuuza, anatero, ndiye kuti akufuna zokolola za mnzakeyo zimutsatire kwawo. Izi ngakhale mwana amazidziwa. Komanso anthu omaliza amene anabwera kuderako ndi zikhomo ndi buku, malo amene anakhomawo anasanduka esiteti ya fodya, ndipo eni ake tsopano ankalima mmenemo ngati matenanti. Nanga maina aja ndinalemba, ankapita kwa yani? Iwo ankadziwa za anthu amene maina awo analembedwa m'buku, kenaka galimoto inabwera kudzawatenga.

Ndinati zaufitizo n'zachikale, ife timachita sayansi. Anati chabwino, ngati ndi sayansi, mbwenu dothilo libwerere.

Njira yonse yobwerera ndinkatukwana chamumtima. Ndinakanena kwa adokotala ndikuyembekeza kuti tisekera limodzi. Sanaseke. Anavula magalasi n'kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo ife tinafunsa chidindo m'malo mofunsa mwini munda. Kenaka anandifunsa kuti pa thumba lililonse timagwiritsa ntchito dothi lochuluka bwanji. Ndinati masipuni ochepa chabe. Nanga lotsala? Lotsala tinkataya kuseri kwa labotale. Pamenepo ndinamva chimene ankatanthauza.

Mwayi wake timatumbato tinali tisanatayidwe. Galimoto sabata imeneyo inali kwina, ndiye ndinatiika m'katoni n'kukwera nato basi mpaka pa Jenda. Kondakitala atanyamula katoniyo anafunsa ngati muli miyala. Nditamuuza kuti ndi dothi, anauza basi yonse kuti sukulu ikachuluka imazunguza mutu. Ndinamuyankha zomwe sindingalembe pano. Kuchoka pa Jenda ndinabwereka njinga, katoni kumbuyo, mchenga wa msewu umenewo ukundigwetsa kawiri.

Ndinayenda khomo ndi khomo popanda tcheyamani, popanda kalata. Aliyense ndinamupatsa kathumba kake. Amama aja anatenga kawo, anakatembenuzatembenuza, ananunkhiza dothilo, n'kupita kukalikhuthula okha pabowo lomwe ndinabowola. Anafotsera ndi phazi. Atatero ndinatsegula buku langa n'kuwawerengera mokweza zonse zimene ndinalemba za munda wawo, mpaka zomwe makina anapeza. Anamvetsera, kenaka anati zoti nthaka yawo yatopa anazidziwa kalekale popanda makina. Koma anandiuza kuti ndifufute dzina lawo, ndilembe nambala yokha. Ndinafufuta iwo akuona.

Ambiri analandira dothi lawo, nathokoza, koma zikhomo anakanabe. Ulendo uno anakana pamaso panga, ndipo adokotala anati kumeneko ndiye kupita patsogolo. Amene analola anali ochepa, ndipo pofika chaka chachiwiri munda umene unatsatira zonse bwinobwino unali wa amama aja basi. Digiri yanga yonse inakhala m'munda wa munthu amene ndinamuopseza.

Tinagawa malowo zigawo zinayi: china chimanga chokha, china cha feteleza, china chosinthana ndi mtedza, china chosakaniza ndi nandolo. Tinkakangana tsiku lililonse. Iwo ankati chingwe changa choyezera mizere n'chotaya nthawi, ine ndinkati maso awo ndi okhota. Feteleza ndinawaphunzitsa kuyeza ndi chitsekerero cha botolo pa phando lililonse. Iwo anandiphunzitsa kuti nandolo kumeneko mdani wake woyamba ndi ng'ombe zomasulidwa anthu akakolola, zomwe m'mabuku athu munalibe. Pokolola tinkapachika sikelo pamtengo, chigawo chilichonse thumba lakelake, ine ndikulemba. Akaona singano ya sikelo ikutsika kwambiri pa thumba la chigawo cha mtedza ankangoti, zoona ndithu. Zaka ziwiri zinatha choncho, ndipo ndinayamba kuwakonda amamawo ngakhale sindinawauze.

Chaka chachitatu dziko linatentha. Timakalata tosasaina tinkapezeka pansi pa zitseko, ndipo pa koleji munthu ankayamba wacheuka asanayankhule. Pa mapepala athu a kafukufuku panali funso limodzi losalakwa: chimanga cha m'nkhokwe chimatha mwezi uti? Wina anakalitula kwa akuluakulu kuti adokotala akufalitsa zoti m'dziko muno muli njala, pamene boma linkati aliyense akukhuta. Anabwera kudzawatenga masana dzuwa likuswa mtengo, tiyi wawo ali patebulo. Sipanapite nthawi, azungu aja nawo anakwiya ndi boma n'kuimitsa thandizo. Galimoto yathu inaima kuseri kwa ofesi mpaka matayala kuphwa. Sikelo ndi chitsulo chija anazitsekera m'sitolo, ine n'kuuzidwa kuti ndisatuluke kukayenda m'midzi ngati ndikudzifunira zabwino.

Mvula yoyamba inandipeza ndili pawindo la hositelo. Fungo la dothi litandifika ndinalira ngati mwana, chifukwa ndinadziwa kuti ku Embangweni akubzala ndipo ine kulibe. Kalata sindikanalemba. Kalata yochokera kwa wophunzira wa munthu womangidwa ikanangowaputira amamawo mavuto. Ndinali wokwiya, ndinali ndi mantha, ndipo mantha anapambana. Dzinja lonse ndinangokhala, ndikuwerengawerenga manambala a zaka ziwiri omwe analibenso ntchito.

Anthu atakolola ndinalephera kupirira. Ndinanama kuti ndikupita kumaliro, n'kukwera basi ya kumpoto. Sindinkayembekeza kupeza kanthu. Ndinkangofuna kukapepesa kuti ndinasowa osatsanzika, ndikawauzenso kuti ntchito ija inafa.

Ndinayambira kumunda. Zikhomo munalibe, monga ndinkaganizira. Koma ndili pafupi kutembenuka ndinaona kuti pangodya iliyonse pamene panali chikhomo pamera chinangwa. Ndinayenda kuwerenga ngodya zonse, palibe yosowa. Mapesi anali m'mizere yowongoka bwino, ndipo nandolo anali chiimire m'chigawo chake, atatchingidwa ndi minga.

Amama ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Sanadzuke, sanakuwe. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti ndaonda ngati ndikudwala. Kenaka anafotokoza kuti nkhani ya adokotala itamveka, tcheyamani analamula kuti zikhomo zonse za a koleji zichoke. Iwo anazula pamaso pake, ndipo iye atangopita anazika chinangwa m'mabowomo, poti palibe lamulo loletsa munthu kubzala chinangwa m'munda mwake. Mbewu anasunga ya chaka chatha. Feteleza anatapa m'thumba lawo la kudimba la matimati, kuyeza ndi chitsekerero chomwe chija. Ngakhale chingwe chimene ankachinyoza anapota chawo cha khonje.

Anandilowetsa m'nyumba. Pakona, pamwamba pa njerwa, panali matumba anayi, lililonse lomangidwa ndi kansalu ka mtundu wakewake kuti asasokoneze zigawo. Chimanga chinali chotongola kale, chouma, chothira phulusa kuopa anankafumbwe. Palibe thumba limene linali litatsegulidwa.

Ndinakhala pansi. M'malo mothokoza ndinayamba kuwakalipira: bwanji akanawagwira? Anadziwa bwanji kuti ndidzabweranso? Anati ndisawasokose.

"Munthu amene anakwera basi ndi katoni ya dothi kudzandibwezera," anatero, "angasiye chimanga chake? Ndinadziwa kuti mubwera. Mwangochedwa chomene."

Vuto linatsala linali sikelo, poti yathu inali yotsekeredwa. Amama anati zimenezo anaziganizira kale. M'mawa mwake linali tsiku la sikelo ya ana, ndipo mlangizi wa zaumoyo ankabwera pa njinga kudzapachika sikelo yake pamtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Tinadikira mpaka mwana womaliza atayezedwa. Mlangiziyo atamva pempho lathu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma analola. Sikelo ya ana sinyamula thumba lathunthu, choncho tinkatapa pang'onopang'ono m'kathumba, kupachika, ine kulemba, kukhuthula, kutapanso. Amayi a ana sanachoke. Anatizungulira ana ali kumsana, ena akufunsa ngati chimangacho chilandiranso katemera. Pamene chigawo cha mtedza chinapitirira kutapidwa, cha chimanga chokha chitatha kalekale, nthabwala zinachepa. Mayi wina amene anakana zikhomo chaka choyamba anandikoka chitenje n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndingadzaone munda wake, ndipo anati dothi ndikhoza kutapa iye ali pomwepo.

Adokotala anatuluka chaka chotsatira, zinthu zitayamba kusintha m'dziko. Anali owonda, tsitsi litayera, koma funso lawo loyamba kwa ine linali la chaka chachitatu. Ndinawapatsa buku. Digiri ndinaipeza, ndipo m'menemo amama aja alimo ngati nambala, monga anafunira. Azungu nawo anadzabweranso ndi galimoto zatsopano. Kuchokera nthawi imeneyo wophunzira wanga aliyense amadziwa kuti kathumba ka dothi kali ndi ulendo wobwerera, ndipo wonyinyirika amaona mtima wanga uja.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi pamtengo wa mango paja. Nditalemba nambala yomaliza, amama anasuzumira m'buku ngati akuwerenga, n'kufunsa ngati ndamaliza ndithu, palibe chobwereza. Ndinati ndamaliza. Apo ndi pamene mayi wina anandinong'oneza kuti mvula inadula chaka chimenecho, munda waukulu wa amama aja sunapatse kanthu, ndipo panyumbapo anali atatha milungu akudya mbatata m'mawa ndi madzulo, matumba anayi a chimanga ali pakona.

Ndinatembenukira kwa amama aja. Iwo anali atasenza kale thumba la kansalu kofiira, akukonza nkhata.

"Mbwenu tsekani bukulo, mwana wane," anatero. "Nyamulani linalo. Chigayo chimatseka msanga."