Swichi ya Apongozi

Chaka chimene a esiteti anatikokera magetsi kumalaini, kunyumba za antchito, apongozi anga aakazi anatulukira kuchokera ku Limbuli, khadi la chipani atalimanga pansonga ya chitenje. Anabwera ndi nkhani imodzi: mkazi wanga, yemwe anali woyembekezera, abwerere kumudzi. Ati nyumba ya chipinda chimodzi si yosungiramo mwana wa eni. Zinandiwawa kwambiri. Ine kalipentala wathunthu, n'kulandidwa mkazi chifukwa cha khoma?

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, kuyankhulana ndiye ayi ndithu. Choncho, poti apongozi ankagona m'nyumba momwemo, ndinapempha matabwa a paini wa ku Chambe kwa akapitawo, n'kuyamba kudula chipinda pakati. Pakona ndinaimika matabwa atatu, kuti hadibodi ipeze pokhomera mbali zonse. Babu linali limodzi, ndiye khomalo sindinalifikitse kudenga, kuti kuwala tizigawana.

Mnzanga wa zamagetsi, munthu wosatha kuona mnzake ali pamtendere, anaboola matabwa, kudutsitsa waya, n'kuika swichi yokoka ndi chingwe. Anaiika mbali ya apongozi.

"Achimwene, mwandipha," ndinatero. "Ndizikazimitsa bwanji kumeneko?"

"Muzikagwada pakhomo n'kuodira," anatero akupinda waya wotsala. "Si paja mumati ndinu aulemu?"

Atapita, ndisanakhome mabodi, ndinaboola kabowo pathabwa la pakona. Ndinamangirira chingwe cha khonje kuchingwe cha swichi, kuchikoleka pamsomali wopinda, n'kuchitulutsira mbali yathu. Kenaka ndinatseka khoma ngati sindinachite kanthu.

Madzulo titadya ndinakoka chingwe changa, mdima bii. Kuseri kunamveka kakhosomo, kenaka kuwala ngwee. Ndinakokanso. Nawo anakokanso. Mkazi wanga analuma chitenje kuti phwete lisamveke. Ndinkadziwa kuti ndikuseweretsa banja langa, mantha ndinali nawo, koma dzanja linakana kumva. Tinakokanakokana mpaka chingwe changa chinaduka, n'kunditsalira m'manja. Babu linachezera kuyaka, ine ndikuganiza za ulendo wa ku Limbuli.

M'mawa ndinamva apongozi akumanga katundu. Ndinatchera khutu kuseri kwa khoma. Anayankhula ndi mwana wawo, koma mawu anawakweza kuti adumphe khoma.

"Uwauze bambo a nyumba ino kuti khonje lawolo n'lofumbwa."

"Ndiwauza, mayi."

"Munthu woboola khoma kuti asandipondere kuchipinda, ameneyo mwambo akuudziwa. Iwe tsala. Mwana akayandikira ndibwera."

Misozi inalengeza m'maso, ine bambo wandevu. Apongozi atafika pakhomo anaima, nkhope atalozetsa kuphiri.

"Ndipo agule chingwe cholimba. Dzulo sindinakhutire."